Osafufuta

Tinawapeza m'katoni ya sopo kunsi kwa bedi
tikulongedza katundu ku Chilomoni,
landilodi atatipatsa mwezi umodzi.
Madisiki makumi awiri ndi mphambu zisanu ndi ziwiri,
omangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga,
iliyonse ili ndi kapepala ka dzanja la bambo:
ZA TCHALITCHI. MAKALATA 96. NGONGOLE.
Pa ina adangolembapo kuti OSAFUFUTA.

Kompyuta yawo idatsogola iwo asanapite.
Adaigula pa okishoni kampani itatseka,
ankaifunditsa nsalu ya patebulo usiku
ngati mwana wa malungo,
masana n'kumatayipira anthu makalata pakhonde,
tsamba limodzi makwacha awiri.

Mlongo wanga Elube anati, taya, zimenezo n'zinyalala.
Anyamata a mafoni mumsika wa Limbe
anatembenuza imodzi uku ndi uku, akuseka:
Akulu, ichi n'chokhazikapo kapu ya tiyi?
Mmodzi yekha ndiye anandilondolera:
pitani ku Ginnery Corner, kuseri kwa galaja,
mukafunse a Lafayelo.

A Lafayelo, magalasi omanga ndi waya,
anatsitsa pashelefu kabokosi kotuwa,
anakauzira fumbi, mphemvu inatuluka n'kuthawa.
Disiki yoyamba italowa
makina anayamba kukukuta ngati khoswe kudenga.
Kenako mawu anabwera.

Filimoni Chikopa akupempha ntchito ya ulonda.
Sindimudziwa. Kaya adaipeza.
Mayina a amene adasonkha malata a tchalitchi,
ena mwa iwo tidawaimbira kale ku HHI.
Mu NGONGOLE ndinadzipezamo ndekha:
fizi ya Fomu 3, teremu yachiwiri,
ndabwereka kwa a Nkhwazi, ndibweza Juni.
Ine ndinkaganiza kuti inachokera m'thumba basi.

Pa disiki ya khumi ndi chimodzi magetsi anazima.
Tinakhala pakhomo, chiperoni chikukwirira phiri la Soche,
tikugawana chimanga chootcha cha mayi wa pangodya.
A Lafayelo anati, zinthu izi n'ndowa yobooka, mphwanga,
ngakhale usaikhudze, imadontha usiku ndi usana.
Mwachedwa, koma simunachedwetse.

Magetsi atayaka zisanu ndi imodzi zinakana,
chuku chidadya mkati.
Ya OSAFUFUTA anaitsegula kachitseko kachitsulo,
kupukuta ndi thonje la sipiriti,
kuzungulitsa ndi chala pang'onopang'ono.
Kawiri inangolira. Kachitatu inalola:

Nasibeko,
ndakhala ndikufuna kukuuza kuti

pansi pake timabokosi, tinyenyezi, tizilembo topindika,
kutsika mpaka kumapeto kwa tsamba
ngati nyerere zasokonezedwa pamzere.
Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.
Tikope?
Kopani, ndinatero, ndi nyererezo zomwe.

Zonse zinakwana mu fulashi yonga chikhadabo,
malo n'kutsala, ambiri, ochititsa manyazi.
Zaka khumi ndi zinayi za zala za bambo
sizinadzaze ngakhale kangodya.
Ndinatumizanso ku foni ya Elube
kuti zikhale pawiri, monga analangizira a Lafayelo.
Sanayankhe, koma ndinaona kuti watsegula.

Mu minibasi fulashi inali m'thumba la shati,
katoni pamiyendo.
Kondakitala anati katoniyo ilipire mpando.
Ndinalipira.

Mayi ndinawapeza akukulunga mbale m'manyuzipepala.
Mwapezamo chiyani?
Anakulemberani kalata.
Akuti bwanji?
Ndinawawerengera mzere ndi theka uja,
n'kuwaonetsa timabokosi pa foni.
Anayang'anitsitsa nthawi yaitali,
kenako anaseka mpaka kupukuta maso ndi chitenje.
Ndi iwowo amenewo, anatero,
kuyamba nkhani n'kupita kukatseka geti.

Anakulunga mbale ina.
Katoniyo uiike pamodzi ndi zosweka,
isanyowe mawa pa lole.